Kodi masekondi a 0 mpaka 100 ali ndi phindu lanji pogula galimoto kuno ku Joni?

Wa ku Ntcheu:

Moni nonse akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za galimoto. Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule galimoto yanga yoyamba kuno ku Joni, ndipo mtima wanga unali pa Polo Vivo ya injini ya malita 1.4, chifukwa zipangizo zake zimapezeka paliponse ndiponso palibe makanika amene saidziwa. Koma anzanga awiri a kuntchito, amene nkhani yawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka imakhala ya galimoto yokhayokha, andisokoneza maganizo. Iwo akuti galimoto imeneyi ndi yaulesi ponyamuka, ndipo akuti munthu wozindikira asanafunse n'komwe za mtengo amayamba wafunsa kuti galimotoyo imatenga masekondi angati kuchoka pamene yaima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Mmodzi akundiumiriza kuti ndiwonjezere ndalama ndigule Vivo GT ya turbo, pamene winayo akuti kuli bwino Golf GTI yakale ngakhale itakhala kuti inayenda kale mtunda wautali.

Chimene chikundivuta kumvetsa n'chakuti malamulo a dziko lino salola kupitirira 120 pa ola pamsewu waukulu, m'tauni malire ndi 60, ndipo m'mawa pamsewu waukulu wa M1 wa kuno ku Joni tonse timakwawa mofanana, wa Mercedes-Benz ndi wa minibasi yemwe. Nanga masekondi amenewa ali ndi phindu lanji kwa munthu ngati ine, amene ndikufuna galimoto yopitira kuntchito kuchokera ku Rosettenville, komanso yoti pa Khirisimasi ndinyamulire banja ndi katundu kupita kumudzi? Kodi ndi kudzionetsera kwa anyamata chabe, kapena pali china chenicheni chimene okonda galimoto amachiona chomwe ine sindikuchiona?

Makanika wa ku Booysens:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, pajatu safunsa anadya phula. Anzanuwo sakunama, koma akuloza nambala yosafunika kwenikweni, ndipo asiya chinthu chachikulu chimene aliyense wogula galimoto mu Gauteng muno ayenera kuchidziwa.

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Malo okwera chotere mpweya wake umakhala wopepuka, kutanthauza kuti pisitoni ikakoka mpweya imalandira okosijeni wochepa poyerekeza ndi amene ikanalandira ku Durban kapena ku Cape Town. Petulo sayaka popanda okosijeni, choncho kompyuta ya injini imachepetsanso petulo kuti alingane ndi mpweya umene walowa, ndipo mphamvu imatsika. Ife pantchito timawerengera kuti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera, ndiye kuno ikutaya cha m'ma 17 peresenti. Vivo ya 1.4 yotsika mtengo ija m'buku lake analemba kuti ili ndi 55 kW (kW ndi muyezo wa mphamvu ya injini), koma m'misewu ya ku Rosettenville idzakupatsani cha m'ma 46 kW basi. Masekondi amene makampani amalengeza amawerengedwa galimoto ili kumalo otsika, mulibe katundu, mulibe apongozi kumpando wa kumbuyo. N'chifukwa chomwechi kuno kumtunda mumapeza petulo wa 93 pamodzi ndi wa 95 (nambala zosonyeza mmene petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini asanaphulike), pamene kugombe amagulitsa wa 95 yekha, popeza injini yopanda turbo ikamapuma mpweya wopepuka sivutika ndi petulo wa nambala yotsika.

Turbo ndi kachipangizo kamene kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, n'kumakankhira mpweya wambiri mkati mokakamiza, monga mmene mumakupizira mbaula kuti makala akolere msanga. Mpweya wa kunja ngakhale upepuke, turbo imangowonjezera kuzungulira n'kubweza zambiri mwa mphamvu zimene zikanatayika. Choncho galimoto ziwiri zimene ku Durban zimasiyana pang'ono, zikafika kuno zimasiyana kutalitali. Vivo GT injini yake ndi ya lita imodzi yokha, masilinda atatu, koma imatulutsa 81 kW ndi 200 Nm, pamene ya 1.4 ija ili ndi 130 Nm.

Nambala yachiwiriyi, ya Nm, imene imatchedwa torque, ndi imene ine ndimayamba kuiyang'ana, chifukwa ndiyo mphamvu yokoka imene mumaimva mukaponda moto muli kale m'giya yachinayi. Injini ya turbo imapereka mphamvu imeneyi yonse singano ya injini ili cha m'ma 2,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi), pamene yopanda turbo imadikira kuti muikweze kupitirira 3,000 rpm, ndiye mumayenera kutsitsa giya imodzi, mwinanso ziwiri, isanayambe kukoka. Musaiwalenso kulemera kwa galimoto. Suzuki Swift ya 1.2 injini yake si yamphamvu kwenikweni, koma popeza galimoto yonseyo sifika tani imodzi, m'tauni imanyamuka mopepuka kuposa mmene nambala zake zikusonyezera. Mukaikweza anthu asanu ndi masutikesi awo, ubwino wonsewo watha.

Dalaivala wa Njira ya Beitbridge:

Ndikugwirizana ndi a Makanika, ndipo ine ndilankhulapo za ulendo wa kumudzi umene mwautchulawo, chifukwa ntchito yanga ndi yonyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Panjira yonseyi palibe pamene mudzafune kunyamuka pa 0 kufika pa 100 mwamsanga. Chimene mudzachifune kosalekeza ndi kuchoka pa 80 kufika pa 120 pamene mukupitirira thiraki.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mathiraki akuluakulu m'dziko lino amaloledwa kuyenda 80 pa ola, ndipo yokoka ngolo ziwiri imatalika mpaka mamita 22. Kuti muipitirire bwinobwino, kuphatikiza mpata umene munasiya kumbuyo kwake ndi umene muyenera kusiya kutsogolo kwake musanabwerere kumbali yanu, mufunika kuiposa ndi mamita pafupifupi 70. Ngati galimoto yanu, chifukwa cha katundu ndi chitunda, ikungofika pa 100, ndiye kuti mukuiposa thirakiyo ndi mamita osakwana 6 pa sekondi, ndipo mukhala kumbali ya eni ake masekondi oposa 12. M'nthawi imeneyo inu mwayenda mamita pafupifupi 350, ndipo amene akubwera kutsogolo kwanu pa liwiro la 100 wayendanso mamita omwewo, kotero musanatuluke mufunika kuona msewu uli mbee mamita 700. Galimoto imene imafika msanga pa 120 imadula nthawi imeneyi pafupifupi pakati.

Pa N1 kuchoka kuno kufika ku Polokwane simungazione bwino zimenezi, chifukwa malo ambiri msewu ndi wotakasuka. Mukadutsa Louis Trichardt n'kuyamba kukwera mapiri a Soutpansberg, makona amakhala motsatizana, ndipo mathiraki opita kumalire amakhala atandondozana mtunda wautali. Apa mpamene mumaona kagalimoto kodzaza mpaka padenga katatulukira kumanja, dalaivala waponda moto mpaka pansi, injini ikulira koma singano siikusuntha, iye ali pakatikati pa thiraki, kupitirira kukukanika, kubwerera kukukanikanso, kutsogolo basi ikumuwalitsira nyali. Ndaziona kambirimbiri, ndipo kawirikawiri amene amamupulumutsa ndi wa thiraki, amene amaponda mabuleki n'kukhotera kunja kwa mzere wachikasu kuti amupatse malo.

Komabe ndisakubisireni, galimoto yamphamvu imanyenganso. Munthu akazolowera kuti ikoka, amayamba kupitirira pamalo pamene ndi galimoto yofooka sakanayerekeza n'komwe, monga pakona kapena pamwamba pa chitunda pomwe sakuona kutsogolo. Ya dizilo imene ine ndimayendetsa pamaroboti imasiyidwa ndi tigalimoto ting'onoting'ono ndipo sindidandaula, chifukwa pa zitunda za ku Zobue, itasenza katundu, imakwera osasintha mawu. Chimenecho ndicho ndinagulira.

Mnyamata wa GTI:

Akuluakulu, mwafotokoza za chitetezo ndi za katundu, ndipo zonsezo ndi zoona, koma ndikuona ngati mukutiikira kumbuyo ife okonda galimoto ndi zifukwa zimene si zathu. Kunena chilungamo, ambirife sitiyang'ana masekondi chifukwa choganizira thiraki ya ku Musina, kufupi ndi Beitbridge, ayi. Timawayang'ana chifukwa kunyamuka ndi mbali yokhayo ya mphamvu ya galimoto imene munthu angaimve tsiku ndi tsiku popanda kuphwanya lamulo. Galimoto ikhoza kukhala yoti imathamanga 250 pa ola, koma liwiro limenelo simudzalifika pokhapokha mukufuna kukagona kupolisi. Koma kunyamuka paroboti kufika pa 60, kapena kulowa mumsewu waukulu wa N3 pamphambano ya Gillooly's pamene muyenera kupeza mpata pakati pa galimoto zimene zikuthamanga kale, zimenezo zimachitika m'mawa uliwonse, ndipo thupi limamva kusiyana kwake. Mpando umakukankha kumsana, giyabokosi ya DSG, yosintha yokha, imasintha giya popanda kudukiza mphamvu, ndipo galimoto imachita chimene phazi lanena pa nthawi imene lanena. Amene anayendetsapo galimoto yotere akabwerera ku yofooka amamva ngati akuchita kuipempha.

Nambala ya 0 mpaka 100 ndiiteteze pang'ono, chifukwa a Makanika aipeputsa. Ubwino wake ndi wakuti imasonkhanitsa zinthu zambiri pamodzi, monga mphamvu ya injini, kulemera kwa galimoto, kufulumira kwa giyabokosi ndi mmene matayala amagwirira phula. Ma kW okha sanena zonse, popeza galimoto ikhoza kukhala ndi mphamvu zambiri koma n'kumangopalasa matayala pamalo amodzi. Golf 8 GTI ili ndi 180 kW ndi 370 Nm, ndipo imafika pa 100 m'masekondi 6.4. Ukamva nambala yomalizayo wadziwa kale kuti mphamvu zija zikufikadi pansi, ndipo ukhoza kuiyerekeza ndi galimoto ina iliyonse popanda kutsegula boneti.

Nkhani ya mpweya wopepukayi ili ndi mbiri yake pompano pa bwalo la mipikisano la Kyalami ku Midrand. Pamene Renault inabweretsa injini za turbo m'mipikisano ya Formula One, bwalo limeneli linali limodzi mwa malo amene zinkachitira bwino chifukwa cha kukwera kwa dera lino. René Arnoux anapambana pamenepa mu 1980, ndipo Alain Prost anapambana mu 1982, onse awiri ali pa Renault ya turbo. Ndipo ku Soweto BMW 325i yakale ija, imene amaitcha gusheshe, ikulemekezedwabe mpaka lero. Mtundu wake wa 325iS, wa injini ya malita 2.7, unapangidwira dziko lino lokha ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, kuti ukapikisane ndi Opel Kadett Superboss. Galimoto zambiri za masiku ano zikhoza kuisiya paroboti, komabe mtengo wake ukungokwera, chifukwa cha kulira kwa masilinda asanu ndi limodzi aja ndi mmene imayankhira phazi. Ndivomereze tsono kuti ngakhale kwa ife nambala si zonse. Volvo EX30 yamagetsi ya mamota awiri imafika pa 100 m'masekondi 3.6, ndipo kukwera kwa Gauteng sikuikhudza chifukwa siwotcha petulo, koma alipo okonda galimoto ambiri amene sangaisinthanitse ndi gusheshe, popeza imanyamuka mwakachetechete.

Amene akufuna kudziwa mapeto a mphamvu ya galimoto yake asayesere pa N12 usiku. Ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, kumakhala masiku amene munthu wamba amaloledwa kulowa m'bwalo ndi galimoto yake, ndipo Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, ndi bwalo lodziwika ndi mipikisano yowongoka ya mamita 400.

Nachisale:

Pepani achimwene a GTI, ine ndikutsutsaniko, ndipo ndikulankhula monga munthu amene ndimasunga kabuku ka ndalama za pakhomo. Zimene mwafotokozazo ndi zokoma kumva, koma bambo amene afunsawa anena kuti ndi galimoto yawo yoyamba, ali ndi banja, ndipo ndalama zake achita kusunga pang'onopang'ono. Masekondi amene mukuwatamandawo salipiridwa tsiku logula lokha ayi, amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Inshuwaransi ya galimoto yamphamvu imakhala yokwera, makamaka kwa munthu amene alibe mbiri yaitali yoyendetsa. Matayala ake ndi otakasuka, opyapyala m'mbali ndiponso okwera mtengo, ndipo dzenje limodzi la pamsewu nthawi ya mvula likhoza kung'amba tayala n'kupinda rimu nthawi imodzi. Turbo kapena giyabokosi ya DSG ikawonongeka, ndalama yokonzera ikhoza kudya zonse zimene munasungira ulendo wa kumudzi.

Ganiziraninso za mwini wake woyamba. GTI yakale imene ikugulitsidwa motchipa inagulidwa ndi munthu amene anakopeka ndi masekondi omwewo, ndipo masekondiwo anawagwiritsa ntchito paroboti iliyonse kwa zaka zambiri. Inu mudzangolandira zotsalira zake.

Pa za malamulo, sindikugwirizana ndi mawu akuti kunyamuka sikuphwanyitsa lamulo. Galimoto imene imafika pa 60 mwakanthawi kochepa imafikanso pa 90 phazi lisanabwerere, ndipo kuno kupitirira malire ndi makilomita oposa 30 m'tauni, kapena oposa 40 pamsewu waukulu, si nkhani yongolipira chindapusa ayi, ndi ya kukhoti, ndipo laisensi ikhoza kuimitsidwa. Kwa ife alendo mlandu wotere ukhoza kusokoneza ngakhale mapepala okhalira m'dziko muno.

Sindikunena kuti mugule galimoto yofooka, chifukwa zimene a Dalaivala awerengera zandiopsa ine ndemwe. Koma pali njira ina imene simunaitchule, yomwe ndi injini yokulirapo yopanda turbo. Ine ndimayendetsa Corolla Quest ya 1.8, imene m'buku ili ndi 103 kW. Mukachotsa 17 peresenti ya a Makanika ija imatsalabe ndi cha m'ma 85 kW, yomwe ndi yokwanira kupitirira thiraki tili anthu anayi ndi katundu. Ikafika kumudzi n'kuchita vuto, makanika wa pa boma amaitsegula mopanda mantha, ndipo pamsewu wa matope wa mu Disembala sikhudza pansi msanga ngati galimoto zamipikisano zotsika zija.

Wa ku Ntcheu:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi Nachisale, za GTI ndazisiya. Tsopano ndatsala pakati pa Vivo GT ndi galimoto ya injini yokulirapo yopanda turbo. Vuto ndi lakuti ogulitsa ambiri amangokulola kuzungulira misewu iwiri ya pafupi ndi galaja, pomwe ngakhale giya yachitatu sufika. A Makanika, kodi ndikapita kukayesa ndichite chiyani kwenikweni kuti ndidziwe ngati galimotoyo ikukoka mokwanira ulendo wanga, ndipo pa ya turbo yogwiritsidwapo kale ntchito ndiyang'ane chiyani?

Makanika wa ku Booysens:

Musapite nokha, achimwene. Tengani anzanu awiri, makamaka a thupi, akhale kumbuyo, ndipo muyatse choziziritsira mkati, chifukwa nachonso chimadya mphamvu ya injini yaing'ono. Muuze wogulitsa musanakwere kuti mukufuna kulowa mumsewu waukulu, ndipo akakana pitani kwina, magalaja mu Jules Street mokha ndi ambirimbiri. Mukalowa, khalani pa 80 m'giya yachinayi pamalo okwera pang'ono, kenaka pondani moto mpaka pansi, mnzanu mmodzi awerenge masekondi pafoni kufikira singano itafika pa 120. Chitani chimodzimodzi ndi galimoto yachiwiri, pamalo omwewo, ndi anthu omwewo. Nambala ziwiri zimenezo ndi zanuzanu, zoyezedwa ndi mpweya wa kuno, ndipo ndi zimene zidzagwire ntchito ku Soutpansberg.

Pa ya turbo, pemphani kuti muipeze injini ili yozizira ndipo muilize nokha. Wina aime kumbuyo aone utsi, chifukwa utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa, ndipo nthawi zambiri gwero lake limakhala turbo yotopa kapena injini yodyeka. Poyendetsa mudzamva kakuchedwa pang'ono mukaponda moto singano ili pansi kwambiri, mphamvu isanabwere yonse pamodzi, ndipo kumeneko ndi kubadwa kwake, osati vuto. Koma likhweru lokweza kwambiri, kapena mphamvu yobwera modukizadukiza, zimenezo ndi ndalama. Buku la sevisi muliwerenge tsamba ndi tsamba, popeza turbo imazungulira pa liwiro lalikulu kwambiri ndipo moyo wake wonse uli pa oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake.

Muikenso pa mndandanda wanu Vivo ya 1.6, ya 77 kW, imene kuno idzatsala ndi cha m'ma 64 kW. Siingafanane ndi GT pachitunda, koma ikuposa ya 1.4 ija moonekeratu ndipo ilibe turbo yoti muziidera nkhawa. Mukayesa zonsezo mulembe pano masekondi amene mwapeza, pamodzi ndi makilomita amene galimoto iliyonse yayenda, tione ngati mtengo umene akukuuzani ukugwirizana nazo.